Mafunso Anu: Sefa ya Dziwe la Pakhomo Yopanga Nokha

Mwezi uno makalata ambiri afika okhudza maiwe ang'onoang'ono a pakhomo, aja a simenti kapena oyala pulasitiki, momwe anthu amasungamo nsomba zokongoletsa. Tasankhapo angapo ndipo tawafupikitsa.

Akonzi, ndinamanga dziwe la simenti kuseri kwa nyumba, mamita 2 m'litali, mita imodzi ndi theka m'lifupi, kuya masentimita 50. Muli nsomba 8. Sabata ikangotha madzi amada, pansi pamadzaza matope, ndiye ndimachita kukapa madzi onse. Sefa ya m'sitolo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Kodi ndingapange ndekha? — Bambo wa ku Namiwawa, Blantyre

Bambo, mungathe, ndipo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Koma dzina lakuti sefa lisakusokonezeni. Sefa ya ufa imangogwira misere, basi. Ya dziwe ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yooneka ndi maso: kugwira ndowe za nsomba, masamba ndi zakudya zotsala. Yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, sioneka. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha momwe zimapumira, ndipo amoniya ndi poizoni kwa nsomba zomwezo ngakhale madzi atayera kuti mbee. Amene amamuchotsa ndi mabakiteriya okhala pa zinthu zomwe mwaika m'sefamo. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, yemwenso ndi woopsa, ndiye gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe savuta kwenikweni ndipo zomera zimamudya ngati feteleza. Choncho chimene mukumangacho ndi khola la mabakiteriya, ndipo muzilisamala ngati khola.

Tiyambe ndi masamu. Chulukitsani litali, lifupi ndi kuya, zonse m'mamita, kenako muchulukitse ndi 1,000. Lanulo ndi 2 x 1.5 x 0.5, kutanthauza malita 1,500. Madzi onsewo ayenera kudutsa m'sefa kamodzi pa ola limodzi kapena maola awiri. Gulani pampu yomiza m'madzi yolembedwa malita 2,000 pa ola. Musadabwe kuti tapitirira: nambala ya pabokosi imanena za pampu yomwe sikukweza madzi, ndiye ikamakankhira madzi mita imodzi m'mwamba kudzera m'paipi, mphamvu yake imatsika kwambiri. Mukailumikiza, iyeseni ndi ndowa ya malita 20. Ikadzaza ndowayo pa mphindi imodzi, ndiye kuti ikupopa malita 1,200 pa ola, zomwe zili bwino pa dziwe lanu. Pampu ya mawati 30 yoyaka usana ndi usiku imadya mayunitsi pafupifupi 22 pa mwezi.

Chachiwiri ndi mgolo. Pezani wa pulasitiki wabuluu uja wa malita 120, wokhala ndi chivindikiro. Funsitsani chimene munali. Wa zakudya ndi wabwino. Womwe munali mankhwala a m'munda, dizilo kapena penti usiyeni ngakhale akugulitseni motchipa, chifukwa pulasitiki imamwa zinthu zimenezi ndipo sopo sazichotsa. Ku hadiweya mukagule paipi ya PVC ya mamilimita 25 yotalika mita imodzi, T mmodzi (cholumikizira mapaipi chooneka ngati chilembo T) ndi ma elibo atatu a saizi yomweyo, paipi ya mamilimita 50 yokwanira kuchokera pamgolo kufika padziwe, ma tank connector (zolumikizira paipi ku khoma la mgolo) awiri, wa 50 ndi wa 40, vavu ya 40, thread tape, ndi hozi yochokera ku pampu.

Mgolo umenewu umatalika pafupifupi masentimita 80. Boolani mabowo awiri m'mbali mwake. Lalikulu, la mamilimita 50, likhale masentimita 12 kuchokera kukamwa: apa ndi potulukira madzi oyera. La mamilimita 40 likhale pansi penipeni pomwe khoma la mgolo layamba kuwongoka: apa pakhala vavu yotayira matope. Ngati mulibe hole saw, chida chija choboolera mabowo ozungulira, tenthetsani paipi yachitsulo ya saizi yocheperako pang'ono, muboole nayo, kenako musalaze ndi mpeni. Bowo lothina ndi labwino kuposa lotakasuka. Dulani mphira pa chubu chakale cha galimoto muike mkati ndi kunja musanamange connector. Mangani ndi manja, kenako muwonjezere theka la mzungulo ndi sipanala. Mukalimbitsa mopitirira, mphira imafinyikira pambali ndipo m'pamene pamayambira kudontha.

Madzi akuda alowera pamwamba koma akatulukira pansi pa mgolo. Paipi ya 25 ija idutse pachivindikiro, itsike pakati mpaka itatsala masentimita 5 kuti igunde pansi. Kumapeto kwake ikani T, ndipo mbali zonse ziwiri za T muike elibo, wina kuloza uku wina uko, kuti madzi akamatuluka azizungulira mbali imodzi ngati mmene mumatakasira thobwa m'ndowa. Kuzungulirako kumasonkhanitsa zolemera pansi. Ndiye pali kabowo kamodzi komwe ambiri amakaiwala: pa paipi yomweyi, mkati mwa mgolo, pamwamba pang'ono pa pomwe madzi azilekezera, boolani kabowo ka mamilimita 4 kopenya chapansi. Magetsi akazima, kabowoka kamalowetsa mpweya. Popanda iko, paipi imayamba kuyamwa chobwerera ndipo matope onse omwe mwasonkhanitsa sabata yathunthu amabwerera m'dziwe kudzera m'pampu.

Masentimita 15 a pansi asakhalemo kanthu. Dulani pansi pa kireti yakale ya pulasitiki kuti ikwane mumgolomo, muboole pakati podutsa paipi, ndipo muikhazike pa zidutswa zitatu za njerwa. Pamwamba pa kiretiyo unjikani shade net, ija ya m'manazale, yofwanyafwanya, masentimita 20. Imeneyi imagwira zikuluzikulu. Pamwamba pake, masentimita 20 kapena kuposerapo pang'ono, pakhale nyumba ya mabakiteriya: zitsekerero za mabotolo a pulasitiki, masiponji a nayiloni otsukira mapoto, kapena paipi ya conduit, ija yodutsamo mawaya a magetsi, yoduladula masentimita atatuatatu. Zithireni m'timatumba ta anyezi kuti muzizitulutsa mosavuta. Pomaliza ikani siponji yokhuthala masentimita 5 yogwira tating'onoting'ono. Zapulasitikizi zimayandama, ndiye psinjani ndi chidutswa china cha kireti ndi njerwa imodzi, zonse zikhale m'munsi mwa bowo lotulukira.

Mwina mwafunsa kale chifukwa chake paipi yotulukira ndi yaikulu kawiri kuposa yolowera. Madzi olowa akukankhidwa ndi pampu, otuluka akungotsetsereka okha. Mapaipi akafanana, mgolo umasefukira. Paipi yotulukirayo itsetsereke njira yonse, isakwere paliponse, ndipo madzi agwere m'dziwe kuchokera pa masentimita 20 kapena 30 kuti azithovoka ndi kulowetsa mpweya. Mgolo wodzaza umaposa makilogalamu 120, choncho ukhale pa njerwa zoyalidwa bwino, pamthunzi. Pampu ikhale kumapeto ena a dziwe, kutali ndi pomwe madzi akugwera, kuti dziwe lonse liziyenda.

Za waya tisanyengererane. Waya wolumikiza ndi tepi pafupi ndi madzi ndi msampha wa imfa, makamaka pakhomo pomwe pali ana. Itanani wa magetsi aike soketi yotetezedwa ku mvula, yodutsa pa earth leakage ya 30 mA, kachida kozimitsa magetsi akayamba kulowera posayenera, ndipo muzizimitsa pampu musanapise dzanja m'dziwe.

Kukapa madzi onse kuja kulekeni. Sabata iliyonse tayani malita 150 mpaka 300 okha, mubwezeretse atsopano.

Kwathu kuno makala, mchenga ndi njerwa n'zosasowa. Ndilinso ndi neti yakale ya udzudzu. Kodi sindingagwiritse ntchito zimenezi? — Mayi wa ku Chinsapo, Lilongwe

Mayi, tiyambe ndi netiyo: ayi, ngakhale ikhale yakale chotani. Maneti ogawidwa m'zipatala ndi onyikidwa m'mankhwala a gulu la pyrethroid, monga permethrin ndi deltamethrin, ndipo anapangidwa kuti mankhwalawo asathe msanga ngakhale muwachape kangapo. Kwa nsomba mankhwala amenewa ndi oopsa kwambiri, ndipo m'dziwe laling'ono momwe madzi omwewo akungozungulira, pang'ono pokha pamakwana. Chimodzimodzinso sitiluwulu, yomwe imachita dzimbiri, mapaipi a kopa kapena a galvanised, ndi masiponji olembedwa kuti amapha majeremusi. Silicone wa kubafa amakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu. Ngati mukufuna womatira, funsani wa ma aquarium, matanki a galasi osungiramo nsomba.

Njerwa zootcha bwino, zoswaswa kukula ngati dzira la nkhuku, zimagwira ntchito chifukwa zili ndi timabowo tambiri. Vuto lake n'kulemera potsuka, komanso zosapsa bwino zimasungunuka n'kufiiritsa madzi. Zinyikeni tsiku limodzi muone. Yomwe ikusungunuka itayeni. Makala wamba si ofanana ndi activated carbon ya m'masitolo, ndiye musayembekeze kuti achotsa mankhwala m'madzi. Angakhale pokhala mabakiteriya ngati musankha mibulu yolimba ndi kuitsuka mpaka madzi asiye kuda, poti phulusa limakweza pH, muyeso wa asidi ndi alikali m'madzi. Miyala ya kwale ndi yosalala, malo okhalapo mabakiteriya ndi ochepa, koma siipweteka. Mchenga ndiye usalowemo n'komwe. Umatsekeka pa masiku ochepa, madzi amadziboolera kanjira kamodzi m'mbali, ndipo kwina konseko kumaola n'kuyamba kununkha.

Sefa yanga yakhala ikugwira bwino miyezi 4. Loweruka lina ndinaitulutsa yonse, ndinatsuka pampopi ndi sopo mpaka inayera. Patatha masiku atatu nsomba zinayamba kuyasamula pamwamba pa madzi, ziwiri zinafa. Madzi anali oyera ndithu. Chinalakwika n'chiyani? — Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu

Pepani, achimwene, ukhondo ndi umene unakupwetekani. Ulusi woterera wabulauni womwe munakwecha uja ndiwo unali sefa yeniyeni. Madzi a pampopi ali ndi klorini, yemwe ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, ndipo sasankha kuti awa ndi a kolera, awa ndi a dziwe. Mutawonjezera sopo, palibe anatsala. Nsomba zinapitiriza kudya ndi kutulutsa amoniya monga mwa nthawi zonse, koma womuchotsa panalibe. Nitrite akachuluka amalowa m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, n'chifukwa chake nsomba imayasamula pamwamba ngati kuti m'madzi mulibe mpweya, ndipo makha ake amaoneka abulauni m'malo mofiira.

Zikatere chitani izi tsiku lomwelo. Lekani kudyetsa kwa masiku awiri kapena atatu. Nsomba sifa ndi njala ya masiku atatu. Sinthani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, mawa lake mubwereze, mpaka zitasiya kuyasamula. Madzi a pampopi ayambe agona m'migolo yosavindikira maola 24 mpaka 48 kuti klorini auluke. Mchere wa kilogalamu imodzi pa malita 1,000, wosungunulira m'ndowa kaye, umachepetsa kulowa kwa nitrite m'thupi la nsomba. Mchere suuluka, ndiye musamawonjezere pobwezeretsa madzi omwe aphwa ndi dzuwa, koma okhawo omwe mwataya nokha.

Mabakiteriya amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti akhazikikenso, ndipo m'nyengo yozizira ya June ndi July, makamaka kumalo okwera ngati kwanuko, amachedwerapo. N'chimodzimodzi ndi sefa yatsopano: yambani ndi nsomba zochepa, muziwonjezera ziwiriziwiri. Ngati muli ndi mnzanu yemwe dziwe lake lili ndi nsomba zathanzi, mupempheni kathumba kamodzi ka zam'sefa yake, mukanyamule m'ndowa ya madzi a dziwe lakelo. Zimafupikitsa nthawi ngati mmene mowa wa dzulo umafulumizitsira wina kuwira.

Katsukidwe koyenera n'kosavuta. Sabata iliyonse zimitsani pampu, tsegulani vavu yapansi mpaka madzi akudawo ayambe kuyera, tsekani. Siponji yapamwamba ifinyeni m'ndowa ya madzi otunga m'dziwe. Shade net muziitakasa kamodzi pamwezi. Timatumba ta mabakiteriya tisiyeni, ndipo madzi akayamba kuyenda mochedwa, vuwulani theka lokha m'madzi a dziwe, theka linalo patatha masabata awiri. Madzi a pavavuwo musawatayire m'ngalande; mpiru ndi tomato zimawakonda.

Kuno magetsi amazima maola ambiri. Ndikuganiza zogula pampu ya sola yopanda batire. Zingatheke? — Bambo wa ku Luchenza

Mabakiteriya aja amapuma mpweya womwe umabwera ndi madzi oyenda. Pampu ikaima, madzi a mumgolo amadikha, mpweya umatha pa maola ochepa, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November, ndipo matope a pansi amayamba kutulutsa fungo la dzira lovunda. Magetsi akabwera, zonsezo zimathiridwa pa nsomba. Lamulo lake ndi ili: akazima kupitirira maola 4, tsegulani vavu mutaye madzi onse a mumgolo pampu isanayake. Ngati mukudziwiratu kuti azima tsiku lonse, khuthulirani pachiyambi pomwe, musiye chivindikiro chotsegula pang'ono. Mabakiteriya amapirira bwino pa zinthu zachinyezi zomwe zikupitidwa mphepo kusiyana ndi m'madzi odikha.

Pampu ya sola yopanda batire imagona usiku wonse, pomwe usiku ndi pamene dziwe likufuna thandizo. Masana ndere ndi zomera zimatulutsa mpweya wabwino, usiku zimaupuma limodzi ndi nsomba, ndiye umachepetsetsa m'bandakucha. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba, batire: pampu ya 12V ya mawati 20 yoyaka maola 14 a mdima imafuna pafupifupi theka la batire ya 50Ah, ndipo batire wamba siyenera kutsika kupitirira theka. Ya 100Ah ndi panelo ya mawati 150 ndiye mungagone mtima uli m'malo ngakhale kukachita mitambo.

Yachiwiri, tembenuzani kapangidwe. Madzi alowere pamwamba, agwere m'beseni lobooledwa timabowo tambiri ta mamilimita 5, adonthere pa siponji, kenako pa zitsekerero, n'kutulukira pansi penipeni pa mgolo. Mgolo wotere sudzaza madzi, ndiye pampu ikaima umangokhuthuka wokha ndipo mkati mumatsala chinyezi ndi mpweya. Uyenera kukhala wonse pamwamba pa mlingo wa dziwe, siponji yake imafuna kufinya pafupipafupi, ndipo nsomba zikhale zochepa. Kumene magetsi ndi osadalirika, ife timakonda umenewu.

Sefa ndapanga monga anthu amanenera, matope anatha, koma madzi ali biriwiri ngati msuzi wa chisoso. Mnzanga akuti ndiikemo namasupuni. — Mayi wa ku Matawale, Zomba

Mayi, sefa yanu ilibe mlandu. Kubiriwirako ndi ndere zazing'ono kwambiri zoyandama m'madzi, zomwe zimadutsa m'siponji ngati mphepo pazenera. Zimakula ndi zinthu ziwiri, dzuwa ndi chakudya, ndiye zimaneni zonse ziwiri. Phimbani theka la dziwe ndi shade net pamitengo, kapena bzalani maluwa a nyika, aja a masamba otambalala pamadzi. Chakudya perekani chomwe nsomba zingamalize pa mphindi 3 mpaka 5. Madeya ndiwo amadetsa madzi koposa chifukwa ambiri amamira osadyedwa. Pomwe madzi a m'sefa akutulukira, ikani beseni lalikulu la miyala, mubzalemo gumbwa, koko kapena vetiva popanda dothi, kuti madzi adutse m'mizu asanagwere m'dziwe. Mizuyo imalanda nitrate yemwe ndere zikanadya. Zimatenga masabata angapo, ndipo kusintha madzi onse sikuthandiza, ndere zimabwereranso pa masiku ochepa. Wofuna zachangu agule nyale ya UV ya maiwe, yomwe kuwala kwake kumapha ndere zoyandama, ya mawati 9 kapena 11 pa dziwe la malita osapitirira 3,000, yoikidwa pa hozi madzi asanafike mumgolo. Babu yake imafuna kusintha chaka chilichonse ngakhale ikuyakabe.

Namasupuni amayamwadi zoipa m'madzi, koma mnzanuyo akaone mmene udzuwu umavutitsira mu mtsinje wa Shire, pa Liwonde mpaka kumakina opangira magetsi ku Nkula. Kachidutswa kamodzi kokokoloka ndi mvula kulowa m'ngalande n'kokwanira kuyambitsa mavuto kumunsi. Musaubweretse pakhomo.

Ndili ndi damu lokumba la mamita 20 kwa 10, ndimaweta makumba ndi chilunguni. Nanenso ndipange sefa? — Mlimi wa ku Mchinji

Ayi, bambo, sungani ndalama zanu. M'damu la dothi madzi obiriwira ndi chakudya cha nsomba, n'chifukwa chake mumathiramo manyowa. Dothi la pansi ndi la m'mbali ndilo likugwira ntchito ya mgolo uja. Pisani mkono: chikhatho chikamazimiririka madzi atafika m'chigongono, zili bwino. Chikazimiririka madzi ali pafupi ndi dzanja, lekani manyowa mulowetse madzi atsopano. Chomwe mukufunika ndi sefa ya waya pa ngalande yolowetsa madzi kuti milamba ndi nsomba zina zam'tchire zisalowe.

Ndinadzuka m'mawa n'kupeza dziwe latsala pang'ono kuuma, pansi ponse pozungulira mgolo pali chithaphwi. — Wowerenga wa ku Kasungu

Pali malo atatu okayang'ana. Siponji yapamwamba ikatsekeka imakankhidwa ndi madzi n'kukatseka bowo lotulukira, ndiye mgolo umasefukira. Ipsinjeni bwino, ndipo pakamwa pa bowolo mkati muikepo T kapena kadengu ka pulasitiki kuti pasamamatike kanthu. Hozi imatha kuvuka pa elibo yapamwamba ngati mwangoikankhira popanda clamp. Pena ndi mphira ya pa connector yomwe yang'ambika ndi dzuwa. Boolaninso bowo lina la mamilimita 50 pamwamba pang'ono pa loyamba, mbali ina ya mgolo, ndi paipi yakeyake yobwerera m'dziwe, kuti loyamba likatsekeka madzi akhale ndi kolowera.

Pampuyo musaikhazike pansi penipeni. Ikhale pa njerwa, masentimita 20 kuchokera pansi, m'kadengu kokutidwa ndi shade net kuti isayamwe masamba, mbululu ndi tiana ta nsomba. Chilichonse chikavuka usiku, pampu idzalekezera pamenepo ndipo nsomba zidzatsala ndi madzi ofika m'mawa. Podzaza dziwe lomwe laphwa chonchi, musatsegulire mpopi n'kuchokapo, poti klorini wochuluka chotero amapsereza makha. Thirani madzi ogonetsa, pang'onopang'ono, kwa masiku awiri kapena atatu.